Thandizeni maganizo: Adatchi akanapanda kuchoka ku Svalbard bwenzi akudya chani?

Okonda histole pagulu pano ndithandizeni. Ndikulemba kankhani kongopeka koti dziko la Netherlands linagwiritsitsa zilumba za Svalbard, zija zili kumpoto kwa Norway kufupi ndi North Pole, mpaka lero. Zenizeni zake nzoti Willem Barentsz, woyendetsa sitima wachidatchi, anafikako mu 1596, kenako Adatchi anamanga kamudzi kotchedwa Smeerenburg komwe ankaphika mafuta a anamgumi m'mapoto akuluakulu, koma amangobwera nyengo yotentha basi, kukayamba kuzizira onse musitima ulendo kwawo. Mu 1633 anasiya amuna 7 kuti alondere malowo ndipo anapulumuka, chaka chotsatira anasiyanso ena 7 koma awowo onse anafa ndi matenda osowa vitamini C aja, nkhama kutupa mano kumagwedera. Anamgumi atasowa m'mphepete mwa nyanja malowo anangosiyidwa.

Ndiye pandivuta ndi apa, anamgumi atha, migodi ya malasha yayamba cha m'ma 1900, zaka zoposa 200 zapakatizi munthu akhalirenji kumalo kopanda mtengo ngakhale umodzi, kosalimika? Zongoti anatola golide sindikufuna, kumeneko nkubera owerenga.

— Akulu mwayambira patali. Kampani ya Adatchi inali ndi mgodi wa malasha ku Barentsburg, ku Svalbard konko, ndipo inagulitsa kwa a Soviet Union mu 1932. Sinthani pangano la ku Paris la 1920 lomwe linapereka zilumbazi kwa Norway, basi nkhani yanu yayima.

— Ine ndikukana, 1920 ndi mochedwa, imeneyo ndi kampani chabe osati koloni. Chomwe simunaganize achimwene nchoti ku Svalbard kunalibe eni nthaka. Ku Greenland a Denmark anapeza a Inuit odziwa kusaka ndi kusoka zovala zachikopa, malonda nkumayenda. Kuno aphunzira kwa ndani? Lowetsani ma Pomor, alenje aku Russia amene ankatha nyengo yozizira yonse konko m'ma 1700 akusaka nkhandwe ndi zimbalangondo zoyera, akwatirane ndi Adatchi anuwo, zikopa zizipita ku Amsterdam. Nyama yosauma nayo imachepetsako matenda aja.

— Dzuwa osatuluka pafupifupi miyezi inayi?? ife magetsi akangozima madzulo amodzi timalira kkkk ine sitima yoyamba ndakwera

Zikomo nonse, za ma Pomor zandigwira mtima, ngakhale ndikukayika ngati mfumu yaku Russia ikanangoyang'ana anthu ake akusaka pansi pa mbendera ya eni. Funso linanso, Germany italanda Netherlands mu 1940 kamudzi kangaka kakugwa m'manja mwa ndani, Britain kapena Stalin? Chifukwa sitima zonyamula zida kupita ku Murmansk, doko la Soviet Union, zinkadutsa nyanja yomweyo.