Henry Cisneros atasiya unduna n'kupita ku Univision, kodi anasiya kutumikira anthu ake?

Mbewe: Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya Henry Cisneros wa ku San Antonio, m'chigawo cha Texas ku America, amene mizu ya banja lake ndi ya ku Mexico. Anakhala khansala mu 1975 ali ndi zaka 27, anakhala meya kuchokera mu 1981 mpaka mu 1989, ndipo mu 1993 Pulezidenti Bill Clinton anamusankha kukhala nduna yoona za nyumba ndi chitukuko cha mizinda. Chimene chikundisautsa n'chakuti mu 1997 anatula pansi udindowo n'kukatsogolera Univision, wailesi ya kanema ya Chisipanishi. Kodi kumeneku sikunali kutembenukira ku ndalama?

Nangozo: Bambo Mbewe, ine sindikuona choncho. Anthu ambiri ochokera ku Mexico, Cuba ndi mayiko ena a kumwera, makamaka achikulire amene Chingerezi chimawavuta, amamva za chisankho, za malamulo olowera m'dziko ndiponso za sukulu za ana awo kudzera pa wailesi ya kanema imeneyo, choncho amene akuitsogolera amakhala ndi mphamvu pa zimene mabanja akukambirana madzulo. Musaiwalenso kuti San Antonio, ngakhale kuti anthu ake ambiri ndi a mtundu umenewu, inakhala zaka zoposa 130 yopanda meya wawo kuchokera pamene meya Juan Seguín anachoka paudindo mu 1842.

Chisale: Mayi Nangozo, mwanena zoona, koma pali mbali imene mwaidumpha. Pamene ankachoka m'boma n'kuti akufufuzidwa chifukwa chosauza FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, zoona za ndalama zimene ankapatsa mkazi amene anali naye pachibwenzi. Mu 1999 anavomera mlandu wochepa ndipo analipira madola 10,000, kenako Clinton anamukhululukira mu Januwale 2001. Zimandipweteka chifukwa munthu amene Walter Mondale, amene ankapikisana pa chisankho cha pulezidenti mu 1984, anamuganizira kuti akhale wachiwiri wake akanafika patali, ndipo ine ndikuona kuti khomo la ndale linali litatsekeka kale asanapite ku Univision.

Nangozo: Mlanduwo sindikuukana, Bambo Chisale. Komabe atachoka ku Univision mu 2000 anabwerera kwawo ku San Antonio n'kuyamba ntchito yomanga nyumba zoti aphunzitsi, anamwino ndi apolisi azitha kugula, yomwe ndi nkhani imodzimodzi imene ankalimbana nayo ali nduna.