Kodi Bermuda Triangle imamezadi sitima?

Mayi wa ku Chitakale: Mwana wanga wapeza ntchito yophika m'sitima ya alendo yonyamukira ku Miami. Anzanga kumsika akuti nyanja yakumeneko imameza anthu ngati Sapitwa. Tulo sindikutiona. Odziwa ndithandizeni.

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Amayi, mtima m'malo. Malowo, otchedwa Bermuda Triangle, ali panyanja pakati pa Miami, Bermuda ndi Puerto Rico. N'zoona kuti mu 1918 sitima ya USS Cyclops inasowa ndi anthu oposa 300, ndipo pa 5 Disembala 1945 ndege zisanu zankhondo zochokera ku Fort Lauderdale sizinabwerere. Koma kumeneko kumawomba namondwe, komanso madzi a Gulf Stream, omwe amayenda ngati mtsinje m'nyanjamo, amathamanga kwambiri, amakokolola zidutswa n'kupita nazo kutali. Ife tomwe tinaona zimene Freddy anachita ku Muloza. Sitima zimadutsa pamenepo tsiku lililonse.

Wonyamulira alendo ku Likhubula: Aphunzitsi, Sapitwa musamupepuse. Agogo ankati ukapeza nsima m'phirimo, udye wekha osaitana mnzako. Komabe alendo osochera amakhala okwera okha, chifunga chikatsika.

Mayi wa ku Chitakale: Zikomo abambo. Koma ndimuuza aziimba Lamlungu lililonse, asandinamize za netiweki.