Ndawerenga buku la kusikelo la mwana wanga, mtima suli m'malo

Admin ndibiseni dzina chonde. Azimayi anzanga, ndi inu a zaumoyo muli muno, ndithandizeni nzeru.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 3 ndi miyezi 2. Sabata yatha nditapita kukamutenga kusukulu ya mkaka, aphunzitsi anandikokera pambali. Akuti akamuitana dzina satembenuka mpaka amugwire phewa, ndipo anzake akamaimba iye amakhala pakona kumandanditsa zivindikiro za mabotolo. Kunena zoona, kunyumba mawu ake sakwana khumi. "Mama", "madzi", "ayi", enawo ndimawamva ndine ndekha. Akafuna chinthu amandikoka dzanja n'kukandiimika pomwe chili.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinatulutsa buku lake la kuchipatala n'kuyamba kuliwerenga tsamba ndi tsamba, chinthu chomwe chibadwire chake sindinachitepo. Ine ndinkangolinyamula popita kusikelo, alembe, ndibwerere. Mwalembedwa kuti anabadwa pa masabata 34 akulemera 2.1 kg. Pali mawu oti Apgar, kutsogolo kwake 5 kenako 8. Tsiku lachitatu anachita chikasu, anamugoneka pa magetsi aja. Ali ndi miyezi 11 tinagonekedwa atatentha thupi mpaka kukomoka. Khutu linatuluka mafinya kawiri. Katemera yense analandira, mzere wa sikelo ukukwera bwinobwino. Koma za kukhala, kukwawa, kuyenda kapena kulankhula palibe analembapo, ndipo sindikumbuka tsiku limene munthu anandifunsa.

Kodi zimenezi zikugwirizana ndi momwe alilimu? Nanga ndiyambire pati? Bambo ake akuti ndikungodzivuta.

Ndemanga

Musade nkhawa mayi, ana aamuna amachedwa kulankhula. Wanga anayamba ali ndi zaka 4, pano pakamwa sipatsekeka.

Ine ndine namwino. Amayi mwayankha pamwambapa, wanuyo zinamuyendera, koma sitingauze aliyense kuti adikire. Buku silinganene kuti mwana ali ndi vuto lakutilakuti, limangotilozera mwana wofunika kumuyang'anitsitsa. Kubadwa masabata 37 asanakwane, kulemera kosafika 2.5 kg, chikasu chachikulu, matenda okomola, zonsezi timazitenga ngati chenjezo. Apgar isakuopseni. Ndi mapointi 10 omwe timapereka pa mphindi yoyamba ndi yachisanu mwana akangobadwa, ndipo 8 pa mphindi yachisanu ndi yabwino. Chomwe chandikhudza ine ndi makutu, chifukwa chikasu chikakwera kwambiri chimatha kuwononga kamvedwe, mafinya obwerezabwereza nawonso amachepetsa kumva. Mwana wosamva bwino amavutika kuphunzira mawu. Ana ambiri akamakwana zaka 2 amakhala akulumikiza mawu awiri, monga "ndikufuna madzi". Kayezetseni makutu kaye.

Mchemwali, zokoka dzanja ndi zondanditsa zinthuzo ngati ndikuona mwana wanga. Ife anatiuza kuti ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu, koma anayamba amuyeza makutu asanatiuze zimenezo. Sindikuti wanunso ndi choncho ayi. Mujambuleni kavidiyo akusewera komanso mukumuitana, chifukwa kwa dokotala ana amangozizira, mphindi zisanu sizionetsa kanthu. Aphunzitsi akulembereninso papepala zomwe amaona. Kodi amaloza ndi chala akaona chinthu chomusangalatsa, n'kukuyang'anani kumaso? Funso limenelo mukalipezako.

Mwini funso: Zikomo nonse. Kuloza saloza. Anayamba kuyenda ali ndi chaka ndi miyezi 7, ndayang'ana madeti pa zithunzi za mufoni. A namwino, madzulo ano ndagwetsa mbale kumbuyo kwake, anadzidzimuka n'kutembenuka. Ndiye kuti makutu ali bwino eti?

Namwino: Za kuyendazo, kafukufuku wa 2006 wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Wanu anabadwa masabata 6 nthawi isanakwane, tikawachotsera ali m'malire momwemo. Koma kuchotserako kumathera pa zaka 2, sitingakugwiritsenso ntchito pa kulankhula panopa. Za mbalezo zisakunamizeni mayi. Mwana amatha kumva phokoso lalikulu koma mawu a munthu akumufika osamveka, kapena khutu limodzi lokha ndi limene likugwira. Pitani nalo bukulo, muwaonetse tsamba la chikasu ndi la miyezi 11 lija, mufunse ngati panthawiyo anamuyeza madzi a pamsana poona ngati anali ndi matenda oumitsa khosi. Bambo akewo apite nawo akamve okha.