Nyali ya sola ya K78,000 ya ulendo wa ku Mulanje, ndigule kapena ayi?

Tadala:
Anzanga ndithandizeniko maganizo. Ulendo wa ku phiri uja watheka, tikwera sabata yachiwiri ya July, tiyambira pa Likhubula kukagona mu tinyumba ta paphiri ku Chambe kenako ku Chisepo, nde m'mawa wake tikayese Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phirilo. Ndaona nyali ina mu shopu mtauni muno, yotchaja, ili ndi kasola pamwamba pake, pabokosi alemba 1,000 lumens (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) komanso ili ndi pobayira USB kuti uzitchajira foni. Akuti K78,000 ndipo sakutsitsa. Mtima ukuifuna koma ndalama yake ndi yomweyo ndimati ndigulire jekete. Mukuti bwanji?

Limbani:
Asisi musagule. Gulani jekete kenako tochi ya pamutu basi. Kuchoka pa Chisepo kupita pamwamba si njira yoyenda utanyamula chinthu m'manja, pali malo oti ukwawe pansi pa matanthwe, pena ugwire mwala ndi manja onse awiri ukudzikoka, nde nyali yolendewera ija muigwira ndi chiyani? Ndipo ngati mukufuna dzuwa likakutulukireni muli pamwamba mudzadzuka kudakali mdima wandiweyani. Apo chofunika ndi kuwala kopita komwe maso akuyang'ana. Nyali imamwaza kuwala mbali zonse, imakuthobwa m'maso iwe mwini koma mwala uli patsogolopo osauona bwino.

Mai a Wongani:
Achimwene a Limbani mukunena zoona za kukwera koma ulendo si kukwera kokha. Mu July dzuwa limalowa isanakwane 6, ndiye kuyambira pamenepo mpaka kugona muli anthu angati mu kanyumba kamodzi, wina akuphika wina akufuna masokosi mchikwama wina akutsuka mbale. Aliyense akavala tochi pamutu ndiye kuti ukamuyankhula munthu ukumuwalitsa m'maso, zimatopetsa heve. Nyali imodzi kuikoleka pa msomali pakati anthu onse mumaonana bwinobwino. Ife yathu timapita nayo ku Cape Maclear ndi ana tikakagona mu tenti ndipo sindingaisiye.

Limbani:
Ku Cape mumafika pa galimoto mpaka pomwe mukhome tenti mayi. Ku Chambe katundu yense amakwera pamsana, kaya panu kaya pa anyamata onyamula aja. Komanso mu tinyumba timeneti muli pokolezera moto, mlonda amakukolezerani, anthu amakhala mozungulira moto omwewo chifukwa cha kuzizira. Kuwala kwa moto ndi kandulo mmodzi zimakwana.

Chisomo:
Ine ndikufuna ndilowe pa nkhani ya kasola kaja chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amanamizidwa. A Tadala, kasolako ndi kakakulu bwanji? Ngati kali pa chivindikiro cha nyali pompo, kosaposa chikhatho, ndiye kuti kamatulutsa mwina theka la watt, zikayenda bwino 1 watt. Tiyeni tiwerenge. Batire imodzi yabwino ya 18650 (saizi ya mabatire otchaja omwe amakhala mu nyali zotere) ya 2,600 mAh (muyeso wa kuchuluka kwa moto womwe batire imasunga) pa 3.7 volts imasunga pafupifupi 9.6 watt-hours. Kasola ka theka la watt pa dzuwa lamphamvu la maola 5 kakupatsani 2.5 watt-hours basi, ndiye kuti masiku anayi athunthu kuti batire imodzi idzadze, ndipo apo tikunena kuti nyaliyo yakhala padzuwa tsiku lonse yoyang'ana kumwamba. Inu masana onse mudzakhala mukuyenda, nyali ili mchikwama. Ndiye muonjezepo chiperoni, mu July kumeneko kukhoza kutseka masiku awiri atatu dzuwa osaoneka, nkhungu ndi mvula yowaza basi. Kasolako musakawerengere olo pang'ono pa mtengo.

Tadala:
Ndi kakang'onodi, kali pamwamba penipeni pomwe pali chogwirira. Nanga zotchaja foni zija?

Chisomo:
Zomwezo. Mafoni ambiri masiku ano ali ndi batire ya 5,000 mAh. Ngati mkati mwa nyali muli 18650 imodzi, foni siidzadza ndipo nyaliyo ithera pomwepo, mudzakhala ndi foni ya theka komanso mdima. Funsani kuti mkati muli mabatire angati, ndipo ngati ikutsekuka aitsekule muone nokha. Muinyamulenso m'manja muimve kulemera, 18650 yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 45, zabodza zimapepuka. Mukaona palembedwa 9,900 mAh pa batire imodzi ya saizi imeneyo dziwani kuti ndi bodza, zenizeni zimathera cha m'ma 3,500.

Ankolo Gondwe:
Ana inu mukuvutika ndi masamu. Nyali ya galasi ya parafini ija tinakulira ife siifuna dzuwa, siifuna magetsi, mphepo siizimitsa, ndipo ikamayaka imafunditsako. Mtengo wake sufika ngakhale pafupi ndi umenewo. Chingwe chikatha mumagula china, galasi likasweka mumagula lina. Zanu zotchajazi batire ikafa mumataya chonse.

Thoko:
Ankolo pepani koma apo ndikana ndithu. Chilichonse choyaka moto chisalowe mu tenti, kaya ndi nyali ya parafini kaya koloboyi kaya mbaula. Nsalu ya tenti ndi ya nayiloni, ikagwira moto imasungunuka nkumamatira pakhungu, ndipo munthu uli mu sleeping bag zipi yotseka sungathawe msanga. Chinanso ndi mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo ulibe mtundu, umangomva mutu ndi tulo nkugona osadzukanso, ndi omwe uja umapha anthu akalowetsa mbaula mnyumba nyengo yozizira atatseka mawindo. Ine ndimagwira ntchito kuchipatala nkhani imeneyi siyongomva. Komanso ku Mulanje mu July udzu wayamba kale kuuma, moto ndi umodzi mwa zinthu zomwe zatha mkungudza paphiripo, sindikufuna gulu lathu likhale loyambitsa.

Ankolo Gondwe:
Za mu tenti ndavomera mwanawe. Ine ndimanena yoika panja kapena pakhonde. Koma mfundo yanga ya batire palibe wayankha.

Chisomo:
Mfundo imeneyo ndi yolondola ankolo ndipo ndi imene ndingayang'ane poyamba pogula. Nyali yoti batire yake imachoka ndi yabwino kuposa yomata, ikafooka pakatha zaka mumangosintha batire. Ena amakonda yolowa mabatire a AA chifukwa amapezeka pa grosale iliyonse olo pa Chitakale pompo musanakwere. Kungoti mabatire wamba aja pozizira amafooka msanga kuposa otchaja, ndipo pa Chisepo usiku wa July kumazizira zoti m'mawa udzu umayera. Mabatire osungira ndi foni muzigona nazo mkati mwa sleeping bag, musasiye pansi.

Mai a Wongani:
Komatu tisaiwale kuti nyaliyi siithera kuphiri. Ulendo ndi wa masiku ochepa, chaka chonse chotsalacho ili pakhomo. Magetsi akazima ana amalembera homuweki, ine ndimaphikira, kumaliro timapita nayo, kumudzi timapita nayo. Mukawerengera makandulo omwe mumagula pa chaka muona kuti ndalamayo imabwerera. Ndiye funso langa kwa a Tadala ndi loti pakhomo muli nayo kale nyali yodalirika? Ngati mulibe ndiye musaione ngati ya ulendo okha.

Tadala:
Pakhomo ndili ndi babu lija lotchaja lomwe limayakabe magetsi akazima, limandikwanira. Nyaliyi ndimaifunira maulendo, chifukwa chaka chino tikufunanso tikagone ku Zomba pamwamba paja ndi ku Liwonde.

Limbani:
Ku Liwonde ndiye nkhani ina. Kumeneko mvuu zimatuluka mu Shire usiku kudzadya udzu ndipo njovu zimadutsa pafupi ndi misasa, ukamapita kuchimbudzi umafuna tochi yoponya kuwala patali kuti uone chomwe chili kutsogolo usanachiyandikire. Nyali imangokuunikira pomwe waima, mamita atatu anayi, kupitirira apo bii. Ndiye olo kumeneko tochi ndi imene ikuyamba.

Yamikani:
Ndiwonjezeko za 1,000 lumens zo. Choyamba manambala a pabokosi ambiri ndi ongolemba. Chachiwiri olo zitakhala zoona simukuzifuna. Mu tenti ya anthu awiri 50 mpaka 100 lumens ndi zambiri kale, pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi 200 zimakwana. Ukayatsa pa mphamvu yonse batire imatha mu maola awiri atatu, ndiye chofunika kuyang'ana ndi kuti ili ndi poichepetsera kuwala komanso pa kuwala kochepako imakhala maola angati. Ndipo ngati mungapeze yowala mofiirira ngati babu lakale tengani imeneyo, yoyera mbuu ija imaitana tizilombo touluka kwambiri, kunyanja nthawi ya nkhungu za m'madzi zija mudzadya nsima yosakaniza. Mu chifunga cha kuphiri nayonso yoyera kwambiri imangobwerera m'maso mwako.

Thoko:
Muonenso za madzi. Pabokosi pazikhala IPX4 kapena kuposa, kutanthauza kuti mvula yowaza siiononga. Pobayira USB paja pakhale kachivindikiro ka labala. Chiperoni chimanyowetsa chilichonse ngakhale mvula yeniyeni isanagwe.

Mai a Wongani:
Chabwino, koma ine ndiye ndikuumirirabe kuti gulu lisapite opanda nyali olo imodzi. Ngati ya K78,000 yo ili yokayikitsa pali za makampani odziwika ngati Sun King ndi d.light zomwe zina sola yake ndi yapadera ya chingwe, yokulirapo, ndipo amapereka waranti. Imeneyo ukhoza kuimangirira sola pamwamba pa chikwama ukuyenda. Yamu shopu yopanda dzina ikafa mawa mukadandaula kwa ndani?

Limbani:
Apo sindikutsutsa mayi. Imodzi ya gulu lonse ndi nzeru, koma osati aliyense agule yake ndipo osati kusiya jekete chifukwa cha nyali. Sapitwa ndi mamita 3,002, mphepo ya pamwamba paja siyocheza, munthu wopanda chofunda chabwino akhoza kudwala zenizeni. Ndipo pa tochi ya pamutu pali njira yosavuta, mukafika mu kanyumba idzazeni madzi botolo la pulasitiki loyera lija la malita 5 kapena awiri, mumangirire tochi yoyang'ana mkati mwa botolo, kuwala kumamwazika chipinda chonse ngati nyali yomwe.

Tadala:
Za botolozi sindimazidziwa, ndiyesa usiku uno. Ndiye pakadali pano ndikuona kuti jekete ndi tochi ya pamutu ziyambe. Tochi yake ndiyang'ane yotani?

Chisomo:
200 mpaka 300 lumens, yokhala ndi pochepetsera, ngati ili ndi kuwala kofiira ndi bwino chifukwa sumadzutsa anzako usiku. Yolowa AAA atatu kapena yotchaja zonse zili bho, bola mutenge mabatire apadera kapena power bank yodzadza. Muiyese kunyumba kaye, muiyatse madzulo muone kuti ifika nthawi yanji isanayambe kufooka.

Mai a Wongani:
Nyali ya gulu ndibwereketsa yanga, koma wina adzaitenge kuno ku Chilomoni lisanafike Lachisanu la ulendowo, ndipo aitchaje pa magetsi idzadze musananyamuke.

Ankolo Gondwe:
Machesi ndi makandulo awiri muike mu jumbo youma, wina asaiwale. Ndani akulemba mndandanda wa katundu?

Yamikani:
Ndikulemba ndine ankolo, ndaonjezera. A Tadala mukapitanso ku shopu ija mufunsebe za mabatire a mkati, ngati ali awiri ochoka ndipo atsitsako mtengo ine ndikhoza kuiganizira ya ku Zomba.