Za ma comma aja a m'Chingelezi, yankho lapezeka

Ndinafunsa chifukwa chimene mwana wanga wa Giredi 12 kuno ku Chipata anamuchotsera malikisi pa chiganizo chakuti "My mother who sells tomatoes at Kapata Market is ill." Ndakumana nawo aphunzitsi ake, andifotokozera bwino.

Popanda ma comma, mawu amene akuyamba ndi "who" amaloza mmodzi pakati pa ambiri, ngati kuti mwanayo anabadwa kwa amayi angapo. Poti womubereka ndi mmodzi, mawuwo ndi ongowonjezera, ndiye afunika comma kutsogolo kwa "who" ndi ina pambuyo pa "Market". Koma "The woman who sells tomatoes is ill" safuna comma, chifukwa mukachotsa mawuwo sitidziwanso kuti ndi mayi uti.

Anandichenjezanso kuti "that" sayamba mawu ongowonjezerawo. Pamenepo mpofunika "who" kapena "which". Zikomo nonse amene munandiyankha.