Nsomba zoponya pa ayezi ku Cornell, zinayamba bwanji?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga amaphunzira pa yunivesite ya Cornell ku Ithaca, New York, ndipo wandigulira tikiti yokaonera ice hockey (masewera oseweredwa pa ayezi ndi ndodo) ku Lynah Rink, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 1957. Timu yawo inatenga chikho cha mayunivesite a ku America mu 1967 ndi 1970, ndipo ulendo wachiwiriwo inapambana masewera onse 29. Chandidabwitsa n'chakuti timu ya yunivesite ya Harvard ikabwera, ochemerera amaponya nsomba pa ayezi. Nsomba yeniyeni, ndiwo zabwinobwino! Mwambowu unayamba bwanji? Nanga nyuzipepala zomwe amadziphimba nazo kumaso akamatchulidwa mayina a osewera a timu ya alendo, ndibwere nayo yanga? Amene munalowamo, mumazizira motani mkatimo? Ine jekete yanga ndi yongokwanira chisanu cha ku Dedza.