Pressure cooker yophikira dal ndi tchana: ndigule kapena ndipirire ndi poto wanga?

Mayi a ku Chilobwe: Moni nonse, amayi ndi abambo. Ndithandizeni maganizo. Chiyambireni ntchito m'sitolo ina ku Limbe ndazolowera zakudya za Amwenye, makamaka dal (nandolo wosenda wophika mpaka kukhala ngati phala) ndi chana masala (tchana wophika ndi zokometsera), ndipo ana kunyumba azikonda zedi. Nyama tikuiona kamodzi pa sabata, masiku enawa ndi nandolo, tchana ndi nyemba basi. Chikundipweteka ndi makala. Tchana ngakhale ndimunyike usiku wonse, pambaula amandithera pafupifupi maola awiri, makala ndimathira kawiri. Ndaona pressure cooker ya malita 5, koma mtengo wake ndi ndalama ya makala a mwezi wonse ndi theka. Ndigule?

Aphunzitsi a ku Dedza: Gulani mayi, musachedwe. Ine ndinagula chifukwa cha kuno kwathu. Malo akakhala okwera madzi amawira asanatenthe kwenikweni. Kunyanja yamchere amawira pa madigiri 100, koma ku Blantyre kwanuko, komwe n'kokwera mamita pafupifupi 1,000 kuposa kunyanjako, amawira cha pa 97, ndipo kuno ku Dedza n'kotsikirapo. N'chifukwa chake nyemba zimangobwadamuka osafewa. Pressure cooker imatsekera nthunzi mkati, ndiye madzi amatentha mpaka cha pa 120. Tchana wonyika usiku amapsa pa mphindi 20 kapena 25 ikayamba kuimba mluzu. Nandolo wosenda, mphindi 10 mpaka 15 wasanduka phala.

Gogo wa ku Chiradzulu: Mwanawe, ine ndikukana. Dal amene mukunenayu si chipere chathu chomwechi? Ife takula tikusenda nandolo, kuphika mu mphika wadothi, palibe anagula chitsulo choimba mluzu. Chimachedwetsa kupsa ndi khungu. Chotsani khungu muone.

Mayi a ku Chilobwe: Agogo, nandoloyo ndikumva, koma tchana sasendedwa akamaphika chana masala. Amafunika wathunthu.

Gogo wa ku Chiradzulu: Ndiye tchanayo muzidya Lamlungu lokha. Masiku enawo chitani chonchi: nandolo wouma mumunyike maola angapo, mumuyanike padzuwa masiku awiri mpaka aume gwa, mupake timafuta pang'ono m'manja n'kumufikisa, kenako mumukonole mopepuka mumtondo kapena mumupere pamphero. Mukapeta palichero makoko amauluka, pamatsala tizibenthu tachikasu. Ameneyo ndiye amene mumagula m'mapaketi ku Limbe olembedwa kuti toor dal. Kanthu kochokera m'munda mwathu momwemu, mukukagula kawiri mtengo wake.

Mlimi wa ku Mulanje: Pamenepa agogo anena zoona ndipo zimandiwawa. Nandolo wathu wambiri amapita ku India. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mitengo kuno inagwa moti ena tinangomuunjika m'nyumba mpaka anafumbwa. Mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti India izigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Koma ife eni ake timamudziwa wamuwisi wowiritsa ndi makoko, kapena ndiwo ya tomato basi. Tikanadziwa kumuphika ngati eni dal, bwenzi msika wina uli m'makhitchini mwathu momwemu. Ndiye ine chilichonse chothandiza kuti nandolo adyedwe kawirikawiri ndikuchivomereza, kaya mtondo kaya pressure cooker.

Nesi wa ku Area 25: Ine ndili nayo, koma ndikuuzeni zimene zinandichitikira kuti mugule mukudziwa. Tsiku lina ndinali pa changu, ndinadzaza dal mpaka pafupi ndi kukamwa, osayang'ana kabowo kotulukira nthunzi. Dal amachita thovu. Thovulo linakwera n'kutseka kabowo, mluzu osamveka, ine n'kumangosonkhezera moto. Mwadzidzidzi kavalavu kachitetezo kanaphulika, dal wotentha anathovokera kudenga, khoma lonse chikasu chokhachokha. Mwana wanga anali atangochoka pamenepo. Ndinanjenjemera tsiku lonse.

Kuyambira pamenepo malamulo anga ndi awa. Dal, nyemba kapena tchana pamodzi ndi madzi ake asapitirire theka la poto. Ndisanatseke ndimakweza chivundikiro kuwala kuti ndione ngati kabowo kali pululu. Ndimathira supuni ya mafuta kuti thovu lichepe. Ndipo sinditsegula mpaka nthunzi yonse itatha yokha. Mukasunga zimenezi palibe choopsa.

Mayi a ku Chilobwe: Mayo ine, mwandiopseza asisi. Nanga pambaula zimatheka? Ine gasi ndilibe.

Nesi wa ku Area 25: Zimatheka koma zimafuna maso. Iyo imafuna moto waukali poyamba, ikangoimba mluzu woyamba moto uchepe. Pa gasi mumangopotokola, pambaula mumafumula makala ena kapena kutseka kachitseko ka mphepo. China, mbaula ikakhala yaikulu kuposa tsinde la poto, moto umanyambita m'mbali n'kuwotcha zogwirira ndi labala wa chivundikiro. Gwiritsani kambaula kakang'ono kadothi kaja.

Achimwene a ku Leicester: Ndilowererepo. Kuno ndimakhala pafupi ndi Belgrave Road, komwe masitolo a Amwenye ali ndandanda, ndipo ena mwa eni ake anabadwira ku Limbe ndi ku Zomba, Chichewa amachilankhula bwinobwino. Nyumba za anzanga Achimwenye zomwe ndalowamo, pressure cooker siisowa, kawirikawiri ya Hawkins kapena Prestige. Akamakuuza kaphikidwe satchula mphindi, amati miluzu itatu, miluzu isanu. Ndiye kwa iwo si chinthu chapamwamba ayi, ndi poto wa tsiku ndi tsiku.

Komabe achemwali, ndikuuzeni chilungamo: chimene chimapangitsa dal kukhala dal si poto. Ndi tadka. Dal akapsa ndi mchere ndi chikasu, chomwe iwo amati haldi, mumatenga kapoto kena, mafuta masupuni awiri atenthe, muponyemo jeera wathunthu, tinjere tonunkhira tija pa Chingerezi amati cumin. Akayamba kuthetheka n'kununkhira, adyo woduladula, afiire pang'ono, kenako tsabola wouma, kambuzi wathu amakhala bwino kwambiri. Zonsezo zikadali kuthetheka pamoto mumakhuthulira mu dal, pamamveka "tswaa", n'kuvundikira msanga kuti fungo lisathawe. Munthu wa pressure cooker wopanda jeera adya phala la nandolo. Munthu wa mphika wadothi wokhala ndi jeera adya dal. Ngati ndalama ndi yoperewera, yambani ndi jeera, dhania (coriander), chikasu ndi njere za mpiru, zathunthu osati zogaya, chifukwa zogaya fungo limatha msanga.

Mayi a ku Chilobwe: Zokometserazo ndili nazo kale achimwene, ndimagula pang'onopang'ono m'timapaketi. Mpunganso sindivutika ndi basmati, Kilombero amanunkhira mokwanira.

Mlongo wa ku Durban: Pali njira yachitatu imene simunaitchule. Kuno anthu ambiri ali ndi Wonderbag, chithumba chokhuthala chosunga kutentha. Kwathu mungapange nokha: dengu, bulangete lakale ndi pilo. Tchana awire kwambiri pambaula mphindi 20, muchotse poto ali chivundikirire, mumukulunge m'dengumo, mupite kuntchito. Pobwera mupeza wafewa. Chenjezo limodzi: nyemba zofiira zija Amwenye amaphikira ndiwo yotchedwa rajma ziyenera kubwadamuka mwamphamvu mphindi zosachepera 10 musanazikulunge, apo ayi zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa.

Aphunzitsi a ku Dedza: Dengulo ndi labwino kwa amene wakonzekera m'mawa. Koma mayiwa amaweruka madzulo, akwere minibasi kuchoka ku Limbe, afike ana ali ndi njala. Pamenepo dengu silithandiza. Werengani chonchi mayi: pa sabata mumaphika za nyembazi kangati? Ngati ndi kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo uliwonse mukupulumutsa ola lathunthu la moto, ndalama yanu ibwerera miyezi ingapo. Ngati ndi kamodzi, tsatirani agogo.

Mayi a ku Chilobwe: Ndi kasanu, nthawi zina kasanu n'kamodzi.

Nesi wa ku Area 25: Ndiye gulani. Koma musagule ya kaunjika yopanda dzina. Funsani m'sitolomo ngati amagulitsanso labala ndi kavalavu kapadera ka mtundu womwewo, chifukwa labala amatha, ndipo akasowa poto yense wasanduka wamba. Akakana, tulukani.

Gogo wa ku Chiradzulu: Gulani poti mwatsimikiza, koma nandolo wa m'paketi mumusiye. Ndikutumizirani wanga wokonola ndekha mukayese.

Mayi a ku Chilobwe: Zikomo agogo, ndilandira ndi manja awiri. Ndikalandira malipiro mwezi uno ndikagula ya malita 5 ija pamodzi ndi labala wapadera, ndipo dengu ndiyesa Loweruka lino ndi tchana amene ndanyika kale. Asisi a ku Area 25, tsiku loyamba kuiyika pamoto ndidzakuimbirani kuti muzindiuza pamene ndichepetse makala.